Madzi a Mkazi Mnzanga

Amuna anga anali mkulu wa mpingo ku Bandawe, koma anali ndi akazi awiri. Woyamba ndinali ine. Wachiwiri anali pikapu yoyera, yokalamba, imene anaigula mwana wathu womaliza atangoyamba sukulu. Ndine ndinayamba kuitchula kuti mkazi mnzanga, ndipo dzinalo linakakamira. Ngakhale amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wathu, tikakumana pa tchalitchi, ankandifunsa kuti, “Mnzanu wadzuka bwanji?” Ine ndinkayankha kuti wadzuka bwino kuposa ine, poti iye amusambitsa kale.

Ntchito yake inali kunyamula ufa wa kondowole ndi usipa wouma kupita nazo ku Mzuzu, n’kutsika ndi simenti, malata ndi katundu wa anthu. Ana athu onse anaphunzira sukulu ndi msana wa galimoto imeneyo, choncho nsanje yanga inali ya pakamwa chabe. Chinthu chimodzi chokha n’chimene chinkandipsetsa mtima. Mkazi mnzangayo anali ndi madzi akeake, amene ine sindinkaloledwa kuwakhudza.

Madziwo ankakhala mu mgolo wa pulasitiki wabuluu, pakona pa khonde, chivundikiro chake chomangidwa ndi mphira wa chubu. Anali madzi a mvula. Amuna anga sankatunga mvula yoyamba kapena yachiwiri. Ankati imeneyo ndi yotsuka fumbi, masamba a mango ndi zitosi za mbalame pa malata. Ikabwera yachitatu ankatuluka ndi ndowa, n’kumasefa madziwo pa nsalu yoyera imene kale inali mpango wanga. Mgolo ukadzaza ankaumanga. Akafuna kuthira mu rediyeta, ankatungamo pang’ono n’kusakaniza ndi kulanti, mankhwala obiriwira aja oziziritsa injini, theka madzi theka mankhwala. Botolo la mankhwalawo ankalipachika pamwamba penipeni. Ankati ndi poizoni wotsekemera, galu kapena nkhuku ikangonyambita basi yapita.

Vuto linali lakuti madzi a pa mjigo wathu sayeretsa zovala. Kumwa amamweka bwino, m’maso amaoneka oyera, koma sopo sachita thovu, ndipo bulauzi yoyera ya Umanyano ukaichapa kangapo imayamba kufiirira ngati inagwera mu tiyi. Madzi a mvula ndiwo amayeretsa. Ndiye tsiku lina, amuna anga ali ku Mzuzu, ndinamasula mphira uja n’kutunga ndowa ziwiri. Nditachapa ndinathamangira pa mjigo, ndinabweza ndowa ziwiri mu mgolo, n’kumanga monga momwe ndinapezera. Ndinadziyamikira kuti ndine wochenjera.

Sipanathe sabata anandiitana pa khonde.

“Ama, mgolo uwu unalandira alendo?”

“Mgolo umalandira alendo ngati nyumba?”

Anatenga botolo, anathiramo madzi a mu mgolomo, anaponyamo kachidutswa ka sopo n’kukhutchumula. Madziwo anangotuwa ngati a mpunga, thovu lake lochepa, ndipo linazima msanga.

“Madzi anga akaona sopo amaseka,” anatero. “Awa akwiya. Awa ndi achibale a pa mjigo.”

Nditaona kuti ndagwidwa ndinasankha kulimbana nawo. “Ife anthu timamwa omwewo ndipo sitinafe. Chitsulo chili ndi mimba yofewa kuposa yanga?”

“Inu mukamwa mumapita kuseri, ama. Mnzanu alibe kuseri.”

Ndinaseka mpaka kukhala pansi, koma tanthauzo lake sindinalifunse. Iwo anakhuthulira mgolo wonse pa nthochi, nayamba kudikira mvula ina. Kuchokera pamenepo ndinasiya kubwezamo madzi a pa mjigo. Kuba sindinasiye. Ndinkatunga ndowa imodzi msonkhano wa amayi ukayandikira, ndipo iwo sanadandaulenso. Ndinkaganiza kuti atopa nane.

Anatisiya m’nyengo yozizira, atadwala masabata awiri okha. Pa maliro panabwera anthu ambiri, ochokera ku Kande, ku Makuzi, ena mpaka ku Mzuzu kumene ankagulitsa ufa. Amayi ophika ataona mgolo wodzaza pa khonde anaumasula n’kuphikira tiyi. Ndinaona, koma mphamvu zokaniza ndinalibe. Maliro atatha mgolowo unasanduka mgolo wamba. Miyendo yanga inkalemera kupita ku dambo kumene timaviika chinangwa, ndiye ndinayamba kuviika mu mgolo momwemo, kuseri kwa khitchini. Mvula inabwera, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka inatha, ine osatunga ndi dontho lomwe.

Galimoto sinakhale chigonere. Mwana wanga wamkulu wamkazi amagwira ntchito pa loji ina ku Kande, ndipo ali ndi laisensi chifukwa ndiye amakagula ndiwo ndi masamba a ku khitchini ya alendo. Masiku ake opuma ankabwera kudzayendetsa, ine n’kukhala pambali pake ndi matumba athu a ufa kumbuyo. Paipi ina ya pansi pa rediyeta inkadontha pang’onopang’ono, ndiye ulendo uliwonse tinkayamba tathira madzi. Poyamba tinkasakaniza ndi mankhwala otsala m’botolo la abambo ake. Botolo litatsika tinayamba kuthira mankhwala pang’ono, madzi ambiri, ndipo madzi ake anali a pa mjigo. Mumtima ndinkati zonse zija za mvula yachitatu zinali zokonda za mwini wake, monga momwe ankakondera kupinda malaya mwanjira yawoyawo.

Amuna anga anali ndi mkulu wawo, amene ndimawatcha alamu. Ndi munthu wa maukonde, wokalamba tsopano, wa mawu akuluakulu ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja, koma mtima wawo ndi wabwino. Kuyambira tsiku limene tinachotsa zovala za maliro ankandiuza chinthu chimodzi.

“Alamu, chinthu ichi chinkamvera m’bale wanga yekha. Chigulitseni chisanakutayeni m’phompho. Ndili ndi munthu ku Nkhotakota, akufuna injini yokha, thupi lake musungiremo nkhuku.”

Ndinkakana. Galimotoyo ndiyo inkandidyetsa, koma panalinso china. Ikalira m’mawa, nyumba inkamveka ngati mwini wake alipo. Ndipo chaka chitatha, titagwirizana zomanga chiliza, mwala wolembedwa dzina lawo tinakauitanitsa ku Mzuzu. Ndinauza alamu kuti mwalawo sudzakwera lole ya munthu wina. Galimoto iyi inawanyamula ali moyo, inanyamula bokosi lawo, ndiye inyamulenso mwala wawo.

Tsiku lokatenga mwala linali Loweruka, m’nyengo yotentha, kutatsala masabata atatu kuti abale asonkhane pa manda. Tinadzuka m’mawa. Mwana wanga anatsegula boneti, nasuzumira mu rediyeta.

“Ama, madzi atsika kwambiri. Bweretsani jagi.”

Pa mjigo m’mawa umenewo panali mzere wa ndowa wofika ku msewu. Alamu anali atakhala kale m’galimoto, chipewa kumutu, akuliza huta. Ndinazungulira kuseri kwa khitchini. Mu mgolo wabuluu munali chinangwa chimene chinali chitagona masiku anayi, ndipo madzi a pamwamba anali atadikha. Ndinaganiza kuti mgolo ndi wa galimoto yomweyi, sangakanane. Ndinatunga majagi awiri, ndinasefanso pa nsalu monga ankachitira mwini wake, n’kupatsa mwana wanga. Iye anali ndi chimfine, sanamve fungo lake. Anathira, natseka.

Tinayenda bwino. Ine ndinali pakati, alamu ku windo. Tinadutsa munda waukulu wa mitengo ya mphira, tinakhota pa mphambano yopita ku Mzuzu n’kuyamba kukwera. Alamu anali kufotokoza za chaka china chimene usipa unachuluka mpaka anthu ankaupatsa nkhumba. Titakwera pang’ono mwana wanga anasiya kuseka. Maso ake anali pa kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini, kamene abambo ake anamuphunzitsa kuti kazikhala pakati. Kanali katadutsa pakati, kakupita ku chofiira. Sanafunse munthu. Anapatukira pambali pa msewu, pamene panali amayi ogulitsa nthochi, n’kuzimitsa injini.

Nthunzi inatuluka m’mbali mwa boneti. Pamodzi ndi nthunziyo panatuluka fungo limene munthu aliyense wobadwira kwathu kuno amalidziwa ali m’tulo.

Alamu anatsika, anatsegula boneti, n’kutambasula dzanja kuti atsegule chitsekero cha rediyeta. Mwana wanga anawamenya padzanja.

“Ada, mupsa nkhope! Sichitsegulidwa chili chotentha.”

Anabweza dzanja, koma mphuno sanabweze. Ananunkhiza kamodzi, kawiri.

“Ichi ndi chinangwa,” anatero. “Chinangwa chovunda. Chalowa bwanji mu injini?”

Amayi a nthochi aja anali atatizungulira kale. Mmodzi, wonenepa, wa mpango wofiira, anagwira m’chiuno.

“Ama, inu ndiye mwatukuka. Ife timaviika ku dambo, inu mukuviika m’galimoto?”

“Ikapsa mutigawireko,” anatero mnzake. “Ndiwo tili nazo.”

Ndinaulula pomwepo, pakati pa msewu. Mwana wanga anabisa nkhope pa chitseko, mapewa akugwedezeka. Amayi aja anaseka mpaka wina anagwetsa phava la nthochi. Alamu anavula chipewa, anachiyang’ana mkati, n’kuchivalanso.

Tinadikira injini izizire, amayi aja anatipatsa madzi a m’chigubu chawo, ndipo tinabwerera pang’onopang’ono, kumaima pafupipafupi. Mwala sitinauone. Titafika pakhomo alamu anakhala pa mpando wa m’bale wawo, nalankhula motsitsa mawu, zimene sachita kawirikawiri.

“Alamu, sindikufuna kukulandani kanthu. Koma abale abwera kuchokera kutali, sangadzapeze manda opanda mwala. Loweruka likubwerali tiyesenso. Ikakanika phiri, ndifuna lole, ndipo Lolemba munthu wa ku Nkhotakota abwere adzaitenge. Tagwirizana?”

Ndinalibe poyambira kukana, ine amene ndinamwetsa galimoto madzi a chinangwa. Ndinati tagwirizana.

Lolemba tinaipititsa kwa makaniko wa pa Chintheche, mnzawo wa amuna anga kuyambira ali ana, amene ankaimba naye besi mu kwaya. Garaja yake ndi mtengo wa mango ndi kanyumba ka zipangizo. Nkhani inali itamufika kale.

“Ama, mwabwera ndi ndiwo kapena ndi kondowole yekha?”

“Ada, ndasekedwa mokwanira. Onani mnzangayu ngati achira.”

Anaichotsa rediyeta, anaigoneka pa thabwa, natsegula kumutu kwake. Anandiitana kuti ndione. Mkati muli timapaipi tambirimbiri, tating’ono ngati mapesi a udzu, momwe madzi amadutsa kuti mphepo iwaziziritse. Tambiri tinali totsekeka ndi zinthu zotuwa, zolimba, ndi matope ofiira a dzimbiri. Anakanda ndi sikuludalaivala, zinthuzo n’kumagwa ngati njereza youma.

“Muli ndi ketulo kunyumba?” anandifunsa.

“Ndili nayo.”

“Pansi pake mkati pakuoneka bwanji?”

Ndinali nditaona kale chimene ankatanthauza. Ketulo yanga ili ndi chikhungwa chotuwa chomwecho. Ndimachipala ndi supuni, ndipo chikakula ketulo imachedwa kuwira, nkhuni zimangotha.

“Ndi zomwezo,” anatero. “Madzi a pansi pa nthaka amabwera ndi mchere wa m’miyala, wosaoneka ndi maso. Mukawatenthetsa mcherewo umatsala pa chitsulo. Ketulo mumaipala. Umu ndani apalamo? Mwathira lero, adontha, mawa mwathiranso ena, ndipo aliwonse akusiya katundu wawo. Timapaipi titatsekeka, madzi sayenda, moto wa injini ulibe kotulukira. Pa msewu wosalala imapirira. Pa phiri ndiye imaulula.”

Apo ndi pamene mawu a amuna anga anandifika, patapita zaka zonsezo. Ndinawanena mokweza. “Mnzanu alibe kuseri.”

Makaniko anaseka mpaka kutsokomola. “Anakuuzani choncho? Ndiye anakuuzani zonse, ama.”

Anandionetsanso pampu yoyendetsa madzi. Mapiko ake anali odyeka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Anati mankhwala obiriwira aja sali oziziritsa chabe, amatetezanso chitsulo ku dzimbiri, koma ukawasakaniza ndi madzi a mchere mphamvu yawo imathera kulimbana ndi mcherewo. Ife tinali titawasungunulanso mpaka kutsala mtundu wokha. Za madzi a chinangwa anati sindiwo anatseka timapaipi, ntchito imeneyo inali ya mjigo, ya chaka chonse. Koma ndi owawasa, amadya chitsulo, ndipo ufa wake ukapsa umasanduka phala.

“Inu munangothira mchere pa ndiwo zopsa kale,” anatero. “Mwayi wanu ndi mwana wanuyu. Akanalimbikira kukwera pang’ono chabe, injini ikanapsa mutu, ndipo bwenzi tikukamba za khola la nkhuku.”

Anati rediyeta aitsuka kapaipi kalikonse, paipi yodontha asintha, pampu ali nayo ina. Mankhwala atsopano analinso nawo, a mtundu womwe uja wobiriwira, chifukwa anati mitundu yosiyana sasakaniza. Chimene analibe chinali madzi.

“Abwino koposa ndi aja a m’mabotolo othira mu batire. Madzi okhaokha, osati asidi. Alibe mchere ngakhale pang’ono. Koma m’sitolo za pano atha, ndatsala ndi botolo limodzi, ndipo apa pakufunika ambiri, otsukira ndi osakanizira. Ndaitanitsa, koma Loweruka lifika iwo asanafike.”

“Nanga a m’nyanja? Nyanja yonseyi ili pakhomo.”

“A m’mphepete muno ali ndi mchenga wosalala, sopo wa ochapa, mamba a nsomba, ndi kamchere kawo. Mchenga umenewo ndiwo umadya pampu. Achiwiri kwa a batire ndi a mvula, otungidwa bwino ngati ankachitira mnzanga uja. Mulibe otsala?”

Ndinamuuza kuti tinaphikira tiyi pa maliro. Anayang’ana kumwamba. Kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, ndipo nyengo ya mvula inali kutali.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m’mwamba. Lachiwiri ndinayenda m’makomo kufunsa, koma ndani amasunga madzi a mvula mpaka nyengo yotentha, nyanja ili pafupi? Ena ankaganiza kuti ndikufuna a mankhwala achikuda. Lachitatu ndinaganiza zosiya kudandaula n’kugwira ntchito imene inalipo. Alendo a pa chiliza ankafunika pogona, ndipo kuseri kwa nyumba kuli kachipinda kamene amuna anga ankasungiramo matayala akale, zingwe ndi maukonde ong’ambika a alamu. Kuyambira pa maliro ndinali ndisanalowemo. Kiyi wake ankayenda naye m’thumba, ndipo ndinamupeza mu jekete lawo la ku tchalitchi.

Ndinatulutsa matayala, ndinakoka maukonde. Pansi pa maukondewo, pakona ya mdima, panali zigubu ziwiri zazikulu zachikasu. Ndinayesa kunyamula chimodzi, chinali cholemera. Pakamwa pake panali pepala la pulasitiki, chitsekero chomangidwa pamwamba pake zolimba. Ndinazikokera pakhomo pamene panali kuwala. Pa chilichonse panali malemba a penti yofiira, dzanja lawo lomwe lija lopendekera kumanja:

AMA, AWA SI OCHAPIRA BULAUZI.

Ndinakhala pa tayala. Ndinaseka, kenaka ndinalira, kenaka ndinasekanso. Zaka zonse zija ndinkati atopa nane, pamene iwo anali atandisiyira mgolo wa pa khonde kuti ndizibamo mwamtendere, madzi enieni a mkazi mnzanga atawabisa kuno. Ndipo ankadziwa kuti tsiku lina ndidzawapeza, n’chifukwa chake sanalembe kuti poizoni kapena palafini. Analembera ine.

Lachinayi m’mawa tinakweza zigubuzo pa wilibala mpaka pa mtengo wa mango. Alamu anabwera nafe, ati akaone ndi maso awo. Makaniko anatsegula chimodzi, ananunkhiza, anathira pang’ono m’botolo loyera n’kuyang’ana padzuwa. Anali oyera mbee, opanda ndere, poti anakhala mu mdima motsekedwa.

“Madzi ndi madzi,” anatero alamu. “Ine ndakhala pa madzi moyo wanga wonse. Awa asiyana pati ndi a pa mjigo?”

Apa sindinadikire makaniko. Ndinapempha mabotolo awiri. Limodzi ndinathira a m’chigubu, lina a pa mjigo amene ndinabwera nawo akumwa. Ndinabenthula sopo wa makaniko, kachidutswa uku kachidutswa uku, n’kupatsa alamu.

“Khutchumulani, alamu. Onse awiri mofanana.”

Anakhutchumula ngati akulimbana ndi munthu. Botolo la mvula linadzaza thovu mpaka pakhosi. La pa mjigo linangotuwa.

“Awa aseka, awa akwiya,” ndinatero. “Chimene chikukaniza sopoyu n’chimene chinatseka rediyeta.”

Alamu anayang’ana mabotolowo nthawi yaitali. “Ndiye n’chifukwa chake malaya anga a ku tchalitchi sayera? Ine ndimakalipira akazi anga.”

“Mukapepese,” anatero makaniko.

Anasefanso madziwo pa nsalu yoyera. Ena anatsukira injini kawiri, mpaka otuluka pansi anasiya kufiira. Zotuluka zonse anazikhetsera m’beseni, sanalole zitayikire pamene pamayenda nkhuku. Kenaka anandipatsa jagi kuti ndisakanize ndekha: jagi imodzi mankhwala, jagi imodzi madzi, mpaka rediyeta inadzaza. Analiza injini, inatentha, kamuvi kanakwera kufika pakati n’kuima. Anati zikakhala bwino sipadzafunikanso kuthira tsiku ndi tsiku, poti kudontha kwatha, koma tizisuzumira injini ili yozizira.

Loweruka tinakhala monga kale, mwana wanga pa chiwongolero, ine pakati, alamu ku windo. Kumbuyo tinaika matiresi akale ndi mabulangete oti mwala ugonepo. Ulendo uno alamu sanakambe za usipa. Titakhota pa mphambano anasendera pafupi nane, khosi litatambasuka, maso pa kamuvi ngati momwe amayang’anira mitambo asanakankhe bwato.

“Kasuntha,” anatero.

“Sikanasunthe, ada. Ndi mutu wanu ukusuntha.”

Injini inkalira mwamphamvu, tikukwera pang’onopang’ono. Ine manja anali pa maondo, ndikupemphera chamumtima pemphero lalifupi kwambiri, lobwerezabwereza. Tinafika pa amayi a nthochi aja. Anatizindikira tili patali, wa mpango wofiira uja anaimirira n’kufuula.

“Lero simunaphike?”

Mwana wanga analiza huta kawiri, ine ndinatulutsa dzanja kudutsa pamphuno pa alamu n’kuwabayibitsa. Sitinaime. Tinakhota, tinakhotanso, mphepo inayamba kuzizira, ndipo kamuvi kanali pakati pomwe paja ngati kakhomedwa ndi msomali. Nyumba zoyamba za Mzuzu zitaoneka, alamu anabweza khosi, anatsamira, napuma mpweya waukulu.

Mwala tinaupeza uli wokonzeka, wakuda, malemba ake oyera. Amuna anayi anaukweza, tinaufunditsa mabulangete ngati wodwala. Potsika tinaima pa amayi aja, ndipo alamu anagula nthochi zambiri kuposa zimene tikanadya. Wa mpango wofiira anasuzumira kumbuyo, anafunsa kuti tanyamula chiyani. Nditamuuza anasiya kuseka, anagwira bulangete ndi dzanja, anati Mulungu atiyendetse bwino. Kenaka anawonjezera phava lina laulere, ati la mwini galimoto.

Titafika pakhomo n’kutsitsa mwala, ndinafunsa alamu za munthu wa ku Nkhotakota.

Anagogoda boneti ndi chala. “Ndimuuza kuti mkazi wamng’ono wa m’bale wanga wakana kukwatiwanso. Akuti akhala ndi wamkulu.”

Chiliza tinamanga bwino, abale anabwera, kwaya inaimba, makaniko anaimba besi yekha m’malo mwa awiri. Koma pali chinthu chimene ndinachita kutatsala masiku awiri kuti mwambowo uchitike, ndipo ndiyenera kuchinena. Bulauzi yanga ya Umanyano inali itafiirira chaka chonse chija, ndipo sindikanaima nayo choncho pa manda a mkulu wa mpingo. M’chigubu chachiwiri munali mutatsala madzi opitirira theka. Ndinawerenga malemba ofiira aja kawiri, ndinatunga ndowa imodzi, n’kuchapa. Inayera ngati yatsopano. Anthu atabalalika pa manda ndinatsala pang’ono, ndinagwira mwala n’kunena kuti, “Ada, ndaba komaliza. Onani nokha mmene yayerera.”

Mvula itayamba chaka chimenecho ndinaisiya yoyamba idutse, ndinaisiyanso yachiwiri. Mgolo wabuluu sindinaubwezere pa khonde, fungo la chinangwa silichoka, ndiye unakhala wa chinangwa mpaka lero. Mwana wanga anandibweretsera migolo iwiri yatsopano. Yachitatu itagwa ndinatuluka ndi ndowa ndi nsalu, ndinadzaza yonse iwiri, ndinamanga ndi mphira wa chubu. Wa kumanzere ndi wanga. Wa kumanja ndi wa mnzanga, ndipo sindiukhudza. Alamu anatumiza akazi awo ndi ndowa kudzapempha ochapira malaya, ndinawapatsa a kumanzere.